Ana Amene Tikuwaphunzitsa Kulankhulira Ena

Mwana wa mchemwali wanga anali m'chaka chomaliza ku yunivesite pamene ndinamuona koyamba akugwira ntchito imene wakhala akuiphunzira. Sukulu inali itamutumiza kukazolowera ntchito ku bungwe lina lomwe si laboma, lophunzitsa anthu akumudzi za ufulu wa amayi pa malo ndi pa chuma chamasiye, ndipo zinangochitika kuti msonkhano wawo wina unagwera kwathu ine ndili komweko. Unachitikira m'kalasi ya pulayimale, ana ali pa holide. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pa kadesiki ka ana. Pakhoma anali atamata mapepala akuluakulu, pakona panali makireti a Fanta ndi katoni ya mabanzi, ndipo pepala losainira linkayenda pang'onopang'ono chifukwa ambiri ankachita kudinda chala. Mtsikanayo anaima kutsogolo atavala tisheti ya bungwelo ndi chitenje, n'kufotokoza lamulo la chuma chamasiye la 2011 ndi lamulo la malo a m'midzi la 2016 osayang'ana n'komwe papepala. Mtima wanga unadzaza. Ndi mwana amene ndinamuona akuphunzira kuyenda, ndiye tsiku limeneli amfumu ndi nduna zawo ali zii kumumvetsera.

Dzuwa litapendeka, agogo ena amene anakhala pansi pafupi ndi khomo anakweza dzanja. Anayamba ndi kupereka ulemu kwa amfumu, kenaka kwa alendo, ndiyeno anaiyamba nkhani yawo kumene inayambira: chaka chimene anabwera pamudzipo ku chitengwa, dimba limene analima ndi amuna awo m'mbali mwa mtsinje, matenda a amunawo, maliro, ndi alamu awo amene anangodikira kuti anthu amete n'kubwera ndi khasu kudzasuntha malire. Anatchula mtengo wa mango umene unali malire enieni, nanena kuti alamuwo anaudula n'kuwotcha makala. Mawu awo sankanjenjemera. Zinkaoneka kuti nkhaniyi anaifotokozapo kwa anthu ambiri, moti ankadziwa poti apumire. Ndinaona mtsikana uja akuyang'ana nthawi pafoni, kenaka akuponya maso kwa abwana ake amene anakhala pambali ndi kope m'manja. Anadikira kuti agogo akoke mpweya, n'kunena mwaulemu wonse: "Agogo, nkhani yanuyi ndi yofunika kwambiri. Tiisunge kaye apa, tibwererako kumapeto." Analemba timawu tingapo pa pepala lapakhoma. Kumapetoko kunali kujambula chithunzi, kugawa maenvulopu a alawansi, ndi dalaivala akuliza hutala chifukwa galimoto inkafunika kufika ku boma kusanade. Agogo aja anamanga ndalama yawo pa nsonga ya chitenje, natenga Fanta wawo wosatsegula, mwina wa mdzukulu, n'kumapita.

Papita nthawi ndithu, koma zimenezi sizinandichoke m'mutu. Mwanayo sindimuimba mlandu, chifukwa anachita ndendende zimene anamutuma. Fomu imene anayenera kukapereka ku ofesi inkafuna ziwerengero: amuna angati, akazi angati, achinyamata angati, aulumali angati, ndi mitu ingati ya phunziro imene yakambidwa. Zonsezo anadzaza bwinobwino. Mzere wolembapo za dimba panalibe. Akanati awalole agogo amalize, enanso akanakweza manja, mutu womaliza sukanakambidwa, ndipo abwana ake akanalemba m'lipoti lopita ku sukulu kuti mtsikanayu sadziwa kusunga nthawi. Komabe ndikamaganiza, ndimaona kuti zonse zimene anaphunzitsa m'mawa uja zinali zitabwera zokha kudzakhala pamaso pake. Panali mwini nkhani, panali mboni, panali chitsa cha mango chimene aliyense m'chipindamo ankachidziwa, ndipo amfumu amene akanaweruza anali pompo, atangomva kumene zimene lamulo likunena. Mpata wotere subwera kawirikawiri, ndipo zaka zonse za ku yunivesite sizinamukonzekeretse kuugwiritsa ntchito.

Ndinamupempha kuti andionetse mabuku ndi manotsi ake, ndipo kunena zoona ana athu akuphunzira zinthu zolemera. Mutu wachinayi wa Malamulo Oyendetsera Dziko, mmene muli maufulu athu, amaudziwa gawo ndi gawo. Amaphunzira mapangano a mayiko okhudza amayi, ana ndi anthu aulumali, kachitidwe ka kafukufuku, kawerengedwe ka bajeti ya boma, mmene bilu imayendera m'Nyumba ya Malamulo mpaka kukasainidwa, ndiponso kalembedwe ka chikalata chopemphera ndalama kwa opereka thandizo, chokhala ndi zolinga, zochita, ndi zoyezera ngati ntchito yatheka. Ku Zomba, ku Mzuzu, ku Bunda, ku Nguludi ndi m'mayunivesite ena amene achuluka tsopanowa, chaka chilichonse kumatuluka achinyamata a madigiri a zamalamulo, zachitukuko, zachisamaliro cha anthu ndi za jenda, ambiri mwa iwo maso ali ku mabungwe. Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu asanatchule za ufulu m'basi ankayamba wacheuka, tisamazione mopepuka zimenezi.

Ndikafuna kudzikumbutsa kuti maphunzirowa ali ndi ntchito, ndimakumbuka mlandu wa vakabu. Mu Marichi 2015, Mayeso Gwanda, venda wogulitsa majumbo, anamangidwa m'bandakucha akupita ku Limbe kukachita geni yake. Lamulo limene anamumangira, gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu yaupandu, linali lotsalira kwa atsamunda, ndipo kwa zaka zambiri apolisi ankasesera nalo aliyense wooneka wosauka amene wapezeka panja nthawi yokayikitsa: mavenda, ana am'misewu, amayi oyendayenda. Ambiri ankangovomera mlandu n'kulipira chindapusa kuti akagone kwawo. Gwanda anakana. Mothandizidwa ndi bungwe la CHREAA ndi la Southern Africa Litigation Centre, nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu, ndipo mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti gawolo likusemphana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Chifundo chokha sichikanabala chigamulo chimenecho. Panafunika anthu amene anatha zaka akuwerenga malamulo, odziwa kufufuza kumene gawolo linachokera, kusonkhanitsa umboni wa ena amene anamangidwapo, ndi kuyala mfundo mwa njira imene khoti lingamve. Aliyense wonena kuti sukulu ilibe ntchito pa kumenyera ufulu akafunse mavenda amene amadzuka 3 koloko.

Koma mlandu usanafike m'manja mwa maloya, pamakhala munthu amene anakhala pansi ndi mwini nkhani n'kumumvetsera mpaka amalize, ndipo dzina la munthu ameneyo silipezeka m'chigamulo. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linagamula kuti n'kulakwa kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa popanda kumva za moyo wake ndi mmene zinachitikira. Panapita zaka anthu amene anali atalamulidwa kale asanamvedwenso, ndipo pamene ntchitoyo inayamba mu 2015 mafayilo ambiri anali atasowa. Amene anaipulumutsa ndi maparaligo, alangizi a zamalamulo amene si maloya, pamodzi ndi maloya ndi ophunzira, amene analowa m'midzi kufunafuna makolo, mafumu, ngakhale abale a malemu, kufunsa kuti munthuyu anali wotani, anali wamkulu bwanji tsiku la mlanduwo, mutu wake unkayenda bwino kapena ayi, ndipo akabwerako mudzamulandira kodi. Anthu oposa 100 anatuluka m'ndende. Mafunso otere sungawafunse dalaivala akuliza hutala panja. Umakhala pamkeka, umalandira madzi, umapirira kuti akuyambire nkhani ya mvula, mpaka eni ake atakhutira kuti sunabwere kudzawatchera msampha. Nawonso maparaligo a bungwe la PASI, amene anayamba kulowa m'ndende zathu mu 2000, amagwiritsa ntchito masewero pophunzitsa omangidwa a pa rimandi mmene angaimire pamaso pa majisitireti n'kudzipemphera belo okha, podziwa kuti ambiri loya sadzamuona. Mphamvu yawo yagona pa kubwerera ku ndende yomweyo mobwerezabwereza, mpaka akaidi ndi oyang'anira ndende atawazolowera.

Nkhani ya maukwati a ana imaonetsa mbali zonse ziwiri. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu anasintha Malamulo Oyendetsera Dziko kuti atseke mpata umene unkalola mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Apa mabungwe anagwira ntchito yaikulu ya kafukufuku, ziwerengero ndi kugogoda pa makomo a aphungu, ndipo atsikana ngati Memory Banda analankhula mpaka dziko linamva. Koma lamulo likasainidwa ku Lilongwe siliyenda lokha kukafika m'nyumba ya udzu ku Mtakataka. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene asanalowe ufumu anakhala sekiritale pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, anathetsa maukwati a ana mazanamazana m'dera lawo ku Dedza. Anaimitsa paudindo mafumu amene ankavomereza maukwati oterewa, anaika makolo m'midzi oti aziwatsina khutu mwana akasowa m'kalasi, ndipo ankaopsezedwa chifukwa cha zimenezi. Iwo sankakwera galimoto madzulo n'kuchoka. Makolo amene anawakwiyitsa lero ankakumana nawo mawa lake pamaliro.

Sindikutanthauza kuti nzeru zonse zili kumudzi ndipo wophunzira angopita kukagwada. Alamu amene anadula mango aja nawonso ndi a kumudzi komweko, ndipo anthu onse anali m'kalasi muja ankaidziwa nkhaniyo kalekale osachitapo kanthu, ena chifukwa cha chibale, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa kwa iwo mkazi wa chitengwa ndi mlendo basi. Mudzi umatha kupondereza munthu mwakachetechete kwa zaka. N'chifukwa chake mwana wochokera kunja, wodziwa lamulo, wosaopa kuti mawa amumana mchere, amafunika. Agogo aja sanakweze dzanja kuti awauze anansi awo zimene akuzidziwa kale. Anakweza chifukwa m'chipindamo munali mlendo wophunzira, ndipo ankayembekeza kuti pamaso pa mlendoyo nkhani yawo ilemera mosiyana ndi masiku onse.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wophunzira amene tikumukonzekeretsa kulankhulira ena ndi munthu amene m'mimba simukumupweteka, koma tikumupempha kuti adzuke usiku akatsekule. Zimatheka, ndipo ndi ntchito yolemekezeka, bola akhale wagona pafupi mokwanira kuti amve wodwalayo akubuula. Tsono taonani kumene timamuzoloweretsa kuyang'ana. Mayeso amalembera mphunzitsi. Akayamba ntchito, lipoti amalembera ofesi ya ku Lilongwe, imenenso imalembera ofesi yakunja kumene ndalama zimachokera, zonsezo m'Chingerezi, pomwe madandaulo a anthu amakambidwa m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chisena. Amene angamukweze kapena kumuchotsa ntchito ali kumtundako. Anthu amene akuwalankhulira alibe njira yomufunsira kuti m'dzina lathu mwalandira zingati, kapena yomuuza kuti chimene chikutisautsa ife n'china. Nawonso anthuwo anaphunzirapo kanthu pa zaka zonsezi. Ukaitanitsa msonkhano masiku ano funso loyamba limakhala lakuti kuli alawansi kodi, ndipo ambiri amadziwa mayankho amene alendo amakonda kumva. Ndimamva anthu a m'tauni akudandaula kuti anthu akumudzi anaonongeka. Ine ndimaona kuti anangoona mmene zinthu zimathera. Ngati chotsala alendo akachoka ndi envulopu yokha, munthu amene wasiya khasu lake tsiku lonse salakwa kufunsa za envulopuyo.

Pali mbali ina imene ndimayesetsa kusaiiwala. Mchemwali wanga anagulitsa mbuzi ndi matumba a mtedza kuti mwanayu afike pamene wafikapa. Pali ngongole ya maphunziro yofunika kubweza, ndipo azing'ono ake akudikira fizi. Mwana wotere akamafuna ntchito ya malipiro abwino ku bungwe, ndani angamuloze chala? Boma limalemba ntchito mwa apo ndi apo, makampani ndi ochepa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mabungwe akhala pothawira pa anthu ambiri ophunzira. Yunivesite imene ingatulutse ana osadziwa kulemba chikalata chopemphera ndalama ingakhale ikuwalakwira. Aphunzitsi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaphunzitsa zimene olemba ntchito akufuna, ndipo sindiona tchimo pamenepo. Chimene chimandiopsa n'chakuti mutu wa nkhani umasintha ndi mphepo ya ndalama. Mwana amene analowa ntchito chifukwa chokhudzidwa ndi amayi amasiye, pulojekiti ikatha amapezeka akulankhula za kusintha kwa nyengo ku boma lina, kenaka za zisankho ku boma linanso, mpaka amafika pokhala mkulu wa bungwe asanatsatirepo mlandu ndi umodzi womwe kuti aone mmene unathera. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, USAID n'kuyamba kutsekedwa, mapulojekiti ambiri kuno anaima mwadzidzidzi, ndipo achinyamata ophunzira bwino anabwerera kunyumba ndi makalata m'manja. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ena ndi ana a anzanga. Ndinadzifunsanso kuti m'midzi imene ankagwiramo ntchito munatsala chiyani chimene eni ake angapitirize okha. Kodi mayi wolandidwa munda anatsala akudziwa khomo loti agogode, kalata yoti alembetse, ndi mawu oti akanene pamaso pa majisitireti?

Palinso kulimba mtima, kumene sikupezeka pa ndandanda ya maphunziro aliwonse. Pa 8 Marichi 1992 kalata ya maepisikopi yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, ndipo patangopita masiku ochepa ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kuikira kumbuyo maepisikopiwo, koleji n'kutsekedwa. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anatuluka m'ndende mu 1993 atakhalamo zaka zoposa 11, amuna awo a Orton Chirwa atafera m'ndende ya Zomba, ndipo anakayambitsa bungwe la Malawi CARER. Mabungwe athu oyambirira omenyera ufulu anayambitsidwa ndi anthu a zipsera. Mu 2011, mkulu wa apolisi Peter Mukhito ataitana mphunzitsi wa ku Chancellor College Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, aphunzitsi anzake anakana kulowa m'kalasi kwa miyezi yambiri, ena mpaka kupatsidwa makalata owachotsa ntchito. Ophunzira a chaka chimenecho anataya nthawi yochuluka, ndipo ena zinawawawa. Koma anaona ndi maso awo munthu wa malipiro, wa ana pasukulu, akuika zonsezo pachiswe chifukwa cha mfundo imene ankaiphunzitsa. Sindilakalaka kuti ana athu adutsenso m'zoterezo kuti aphunzire. Ndikungoona kuti pa ntchito imeneyi limafika tsiku loti unene zosakoma kwa munthu amene angakupweteke, kaya ndi nduna ya boma, kaya ndi amfumu, kaya ndi amene amasainira ndalama za bungwe lako lomwe. Amayi a ku Msundwe amene anachitidwa nkhanza ndi apolisi mu Okutobala 2019 anapambana ku khoti mu Ogasiti 2020 chifukwa iwo eni analimba mtima n'kulankhula, komanso chifukwa maloya a Women Lawyers Association anavomera kuima nawo podziwa kuti odandaulidwawo ndi anthu onyamula mfuti. Wophunzira ayenera kumva nkhani zoterezi kuchokera pakamwa pa anthu amene anazidutsa, akadali moyo.

Yunivesite yathu inadziwapo njira ina. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a zisudzo ku Chancellor College, monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr, ankatenga ophunzira kupita nawo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde pa nkhani zaumoyo. M'malo mofika ndi uthenga wophikaphika, ankayamba ndi kufunsa eni mudzi, kupanga sewero kuchokera pa zimene amva, ndi kulisiya lotseguka kuti oonera alowemo n'kutsutsa. M'zaka za m'ma 1990, pa kampeni yolimbikitsa maphunziro a atsikana, ophunzira ankagona m'midzi masiku angapo, kudya zimene eni ake akudya ndi kumvetsera, sewero lisanachitike, ndipo bungwe la CRECCOM la ku Zomba linabadwa kuchokera m'ntchito imeneyo. Njirayi inali ndi zofooka zake, ndipo nayonso inkadalira ndalama zakunja. Koma wophunzira amene wagona pamphasa m'nyumba ya mayi wina, n'kumva usiku zimene mayiyo sakananena pagulu, amabwerera m'kalasi atasintha kawerengedwe. Akaona mawu oti ufulu wa maphunziro amakumbuka mtsikana amene anatunga naye madzi. Lero ku sukulu ya zamalamulo ku Zomba kuli makiliniki kumene ophunzira amakumana ndi madandaulo a anthu enieni, ndipo ndi chinthu choyamikika. Koma ana ambiri amene ndacheza nawo, a maphunziro enawa, amati miyezi yawo yozolowera ntchito imathera mu ofesi, kufotokopa mapepala ndi kulowetsa mayina a obwera ku misonkhano mu kompyuta.

Pamene ndinadzakamba naye mtsikana uja za agogo, ndinayamba mozungulira poopa kumukhumudwitsa. Iye sanazungulire. "Amalume, agogo aja ndinawamva. Usiku wake sindinagone. Koma ndikanawauza kuti chiyani? Lamulo ndimalidziwa, koma m'khoti sindinalowemo chibadwire. Sindidziwa kuti munthu amayambira pati, kwa agulupu, kwa mfumu yaikulu kapena kwa DC, ndiponso kuti amalipira zingati." Anandiuza kuti nthawi inalidi itatha, koma chachikulu chinali mantha. Ankaopa kuti agogo akamaliza amufunsa chochita, iye n'kusowa yankho pamaso pa amfumu, pa abwana ake ndi pa ine malume wake. Achikulire timakonda kunena kuti ana a masiku ano alibe mtima, koma mwanayu mtima anali nawo, ndipo unamusowetsa tulo. Chimene analibe ndi kudziwa njira: khomo lake ndi liti, kalaliki wake amakhala pati, milandu ya malo imakambidwa tsiku liti, mboni amaziitana bwanji. Analibenso chilolezo chonena pagulu kuti izi ndiye sindikuzidziwa agogo, koma tiyeni mawa tikafunse limodzi. Kuyambira sitandade 1 mwana amaphunzira kuti yankho lotero limachotsetsa malikisi, ndipo ukavala tisheti ya bungwe anthu amayembekeza kuti ukudziwa zonse.

Ndiye ndili ndi pempho kwa inu aphunzitsi a m'mayunivesite ndi inu okonza ndandanda ya maphunziro. Phunziro la kalembedwe ka zikalata musalichotse, ana akulifuna kuti adye. Koma wophunzira asanalembe chikalata chopemphera ndalama m'dzina la anthu, akhale atatsatirapo nkhani ya munthu mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamene yathera, ngakhale itadutsa semesita. Akakhale pa benchi ya khoti la majisitireti, pabwalo la mfumu tsiku la milandu, pa ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, pa mzere wa ku Legal Aid Bureau. Aone yekha mlandu ukuimitsidwa kachitatu, mboni italephera kubwera chifukwa chosowa ya kabaza, wodandaula atatopa n'kuyamba kunena kuti basi ndasiyira Mulungu, ndipo aphunzire chochita pamenepo. Pomupatsa malikisi, mufunsenso mwini nkhaniyo ngati mwanayo anabweranso tsiku limene analonjeza. Inunso a mabungwe amene mumalandira ana athu, muwatulutse mu ofesi, ndipo pa ndandanda ya msonkhano musiyepo nthawi yoti munthu amalize kulankhula. Zambiri mwa izi sizidikira ndalama zakunja. Makhoti athu ndi otseguka kwa aliyense, milandu imakambidwa Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo munthu wofuna kukhala pa benchi n'kumvetsera samulipiritsa pakhomo.